Diso Lako ndi Nkhuku ya ba Sakala

Kafue,
Lamulungu masana.

Yotamu mwana wanga,

Amayi ako ali panja akusita malaya ako, iwe wapita ku Esiteti, kuja kumakhala antchito a m'mafakitale, kukatsazika anzako, ndipo ine ndakhala pansi ndi pepala ngati kalaliki wa boma. Usaseke. Ndikudziwa kuti tikugona nyumba imodzi, ndipo kalata amalembera munthu wakutali. Koma zimene ndikufuna kukuuza ndayesa kuzinena pakamwa masiku onsewa, lilime likukana. Ndiye bola ndilembe, ukawerenge wekha ine ndili kuseri kwa nyumba.

Mawa madzulo ukukwera sitima ya ku Kopala, kuja kuli migodi, kukaphunzira zamagetsi. Malangizo enawo wawamva kale kwa amalume ako ndi kwa abusa, za mowa, za ngongole, za atsikana a m'tauni, za kupemphera. Sindibwereza. Ine nkhani yanga ndi imodzi chabe, diso lako lakumanzere. Kachitsulo kaja kamene kanakulowa pa makina opalira mafelemu ku fakitale kwathu uli pa ganyu sikanatuluke konse. Iwe ukudziwa, inenso ndikudziwa. Umatiuza kuti lapola, koma silinapole. Ukakwera sitima usanaonedwe ndi dokotala wa maso, ngoziyo isanalembedwe ku ofesi ya kampani, ndiye kuti disolo likadzafa udzalilira wekha, popanda wokulipirira mankhwala, popanda chipukutamisozi chilichonse. Ndikufuna kuti mawa m'mawa tipite limodzi. Koma popeza amene anakuletsa kupitako ndine ndemwe, ndiyenera kukufotokozera kumene ndinautenga uchitsiru umenewu.

Ndiyambe ndi dzanja langali. Kuyambira iwe ndi mlongo wako muli ang'onoang'ono ndakhala ndikukuuzani kuti zala zanga ziwiri zinatsala pa njanji, mzungu n'kukana kundilipira. Inu mumamva chisoni, ine n'kumakomedwa. Zala zinatsaladi kumeneko, koma zinazo ndinkakometsera. Ndinali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Katete, ufulu usanabwere, ndikugwira kwa kontalakita wina wachizungu wotsitsa migolo m'mabogi a sitima. Tsiku limenelo ndinkagubuduza mgolo pathabwa, uku maso ali kwa mtsikana wogulitsa nthochi pa siteshoni. Inde, anali amayi ako. Ukawafunse ngati ukufuna, akakana. Mgolo unaterereka n'kundipana dzanja ndi khoma la bogi.

Nditatuluka m'chipatala, kalaliki wa kontalakitayo anandiitana. Anati, "Tembo, bwera tilembe mmene zinachitikira." Ine mtima phaa! Ndinati akalemba adziwa kuti ndinkayang'ana kumbali, mlandu ukhala wanga, mwina andilipiritsa ndi mgolo womwe. Ndinayankha kuti, "Ayi bwana, palibe kanthu, ndachira," dzanja ndabisa kumbuyo. Kuyambira pamenepo ndinkazungulira kutali ndikafika pa ofesi imeneyo. Mzungu sanandikanize kanthu, mwana wanga. Sindinamupemphe n'komwe.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi, ndipo uchimve bwino. Chipukutamisozi cha pantchito si mlandu wa mbuzi yadya chimanga cha eni, woti anthu akhale pansi afufuze wolakwa ndani. Funso lawo lalikulu ndi lakuti, kodi munthuyu wapwetekera pantchito? Ngati sunaledzere, ngati sunadzipweteke dala, kuphonya kwa dzanja kapena kwa maso sikutseka khomo. Ndikunena izi chifukwa ndinakumva ukuuza amayi ako kuti unali utakweza magalasi pachipumi poti anachita nkhungu ndi thukuta, ndiye cholakwa ndi chako. Chabwino, unalakwa, ndipo ukadzabwerezanso ndidzakukoka khutu ngakhale utamera ndevu. Koma ukanene zimenezo mmene zilili, iwo akaone okha. Usadzigamule wekha anthu asanakufunse n'komwe.

Nkhani yachiwiri ndi yolemera. Ukuwadziwa ba Mweemba a ku Chanyanya, aja amayenda chowerama, amene ankakuponyera nsomba zouma m'thumba ukapita ndi amayi ako kukagula. Iwe umawadziwa ngati munthu wa maukonde. Sanali wa maukonde. Tinkagwira limodzi mu shedi yowotcherera zitsulo, fakitale yathu itangotsegulidwa, Kafue yense ali fumbi lokhalokha la nyumba zatsopano, mafelemu a mawindo ndi zitseko akutuluka osapuma. Nthawi imeneyo tinali ndi matama, mwana iwe! Dziko lathu, boma lathu, ndipo kwa nthawi yoyamba kapitawo wa shedi anali munthu wakuda, ba Sakala omwewa. Ukudziwa kuti ndi akwathu ku Katete. Mwina sudziwa kuti ndi amene anandipezera ntchitoyi, ndiponso ndi amene anaima ngati nkhoswe pa ukwati wanga ndi amayi ako.

Abwana a fakitale, omwe anali azungu, anabweretsa mwambo wawo. Shedi iliyonse anaipatsa kambendera kobiriwira padenga. Munthu akapweteka n'kukalembetsa ku ofesi, kambenderako kankatsitsidwa aliyense akuona. Shedi imene kake kakhala m'mwamba chaka chonse inkalandira mbuzi pa chikondwerero cha ufulu. Mwina amene anaganiza zimenezi ankafuna kuti tizisamala pogwira ntchito. Ife tinamva zathu, tinamva kuti wopweteka azikhala chete.

Chikondwerero chili pafupi, mtolo wa zitsulo unapulumuka pa tcheni n'kugwera ba Mweemba pamsana. Ndinalipo, ndipo ndine ndinawadzutsa. Tinawagoneka pa masaka kuseri kwa shedi, tonse tawazungulira, koma maso a aliyense akuthawira kudenga. Palibe amene anatchula mbuzi, ayi, tinali anthu aulemu ife. Tinkanena za ba Sakala. Wina anati, "Mukalembetsa, azungu aja aziti mwaona, munthu wakuda sangayendetse shedi." Wina anati, "Ndalama zake akadula kwa ba kapitawo, ndipo ali ndi ana." Ine ndiye ndinagwada pafupi, n'kunena mofatsa ngati m'busa, "Ba Mweemba, ndi msana chabe uwu, mawa muwongoka. Bwanji tinene kuti munagwa panjinga Lamulungu pochokera kumtsinje, lero wangoyambiranso?" Anandiyang'ana, thukuta lili chuchuchu, n'kuti, "Ngati mwatero, ba Tembo." Kuchipatala ndinawaperekeza ndine. Namwino atafunsa chachitika n'chiyani, amene anayankha za njinga ndinenso, eni ake asanatsegule pakamwa.

Mbuzi tinadya. Ndimachita manyazi kuti mpaka lero ndimakumbukira kuti inali yonona. Ba Mweemba tinawatumizira mwendo kunyumba, n'kumadziona ngati anthu achifundo. Msana sunawongoke. Atalephera kunyamula chitsulo, ntchito inawathera ngati munthu wodwala matenda akeake. Pamene anapita kukadandaula, anawatulutsira khadi la kuchipatala, ndipo pakhadipo panali njinga. Anatchula dzina langa kuti ndikhale mboni. Ine ndinali nditangolandira nyumba ino ya kampani, iwe uli ku pulayimale, mlongo wako ali kumsana. Ndinatumiza mawu akuti ndagona ndi malungo.

Choncho ndikamakuuza kuti usalole munthu akusinthire nkhani ya ngozi yako, ndikunena za munthu ngati ine. Sadzabwera ndi ndodo. Adzabwera atagwada, akukutchula dzina mwaulemu, akukukumbutsa za ana a anthu ena. Umumvere chisoni ngati ukufuna, koma msana ndi wako, diso ndi lako. Mawu amene wauza namwino tsiku loyamba ndi amene adzakuimirire pambuyo pake, kapena kukugwetsa. Ukapweteka, nena tsiku lomwelo, ndipo unene wekha mmene zachitikira.

Ukanayesa kuti munthu amene anaona zonsezi anachenjerapo. Ha! Tsiku lija unandipeza ku shedi kwanga utatseka diso ndi mpango, misozi ikutsika mbali imodzi, ndinatani ine? Ndinakutulutsa pa geti yakumbuyo n'kukutengera kwa amake Jelita kuseri kwa msika, aja amachotsa zitsotso ndi lilime. Mayi ameneyo ntchito yake amaidziwa, ndisamunamizire. Mchenga, kachirombo, gaga wa kuchigayo, zonsezo amatulutsa. Anakunyambita m'diso, n'kulavulira padzanja kanthu kakuda, tonse tinawomba m'manja kuti basi zatha. Koma chitsulo chochoka pa makina chili moto sichikhala pamwamba ngati mchenga, chimalowa mkati. Kiliniki ya fakitale tinaidutsa popita, chitseko chili chotsegula. Ndinaidutsa dala, chifukwa wolowa mmenemo amalembedwa, ndipo timbendera tija tikadali padenga mpaka lero.

Ndinadziuza kuti ndi kanthu kakang'ono, kosafunika kuvutitsa nako anthu a ku ofesi. Limenelinso ndi bodza limene ife antchito timakonda. Timayesa kuti ngozi yoyenera kulembetsa ndi ya magazi ambiri, ya munthu wonyamulidwa pa machira. Chaching'ono timati tione kaye. Pamene tikuona kaye, bala likukula, mboni zikuiwala, ndipo ukadzapita mochedwa amakufunsa kuti unali kuti nthawi yonseyi. Ngakhale kakhale kochepa motani, kalembetse. Kakapola wataya chiyani?

Manje ndafika pa nkhuku, pamene pali manyazi anga enieni, chifukwa zinazo ndingati ndinali mwana, koma apa ndili ndi imvi. Unalipo Loweruka lija ba Sakala atabwera, nkhuku yoyera ili m'khwapa. Munthu amene lero akuyang'anira mashedi onse anakana mpando n'kukhala pa mphasa. Anati, "Ba Tembo, mwana wapwetekera m'manja mwanga. Ndabwera kudzapepesa." Iwe unakulira m'tauni, mwina unangoona nkhuku. Kwathu munthu wamkulu akabwera chonchi ndi chipepeso, iwe n'kulandira, nkhuku n'kuphedwa, n'kudyera mbale imodzi, ndiye kuti nkhani yakwiriridwa. Amene adzaifukulenso ndiye amasanduka wolakwa. Ine ndinatambasula manja onse awiri, ndinalandira, ndinathokoza, ndinanena ndi pakamwa panga kuti yatha.

Amayi ako sanafune. Anandiitanira kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Atate ake Yotamu, tiyambe taona diso la mwana, nkhuku siithawa." Ndinawakalipira chapansipansi. Ndinati, "Mufuna munthu wamkulu, nkhoswe yathu, abwerere ndi nkhuku yake anthu akuona?" Anangotenga mpeni kukapha nkhuku. Tinadya nshima ija, ine ndikuseka kwambiri kuposa aliyense. Alendo atapita unandifunsa kuti, "Atate, nanga ku ofesi? Anzanga akuti ndikalembetse." Ukukumbukira mmene ndinakuyankhira, koma ndilemba kuti ndidzione ndekha. Ndinati, "Ofesi ya chiyani? Wadya nkhuku ya munthu, ufuna ukamusumirenso? Iwe ndiwe waganyu chabe wa pa holide, ulibe ndi nambala yomwe. Ukavuta alembera kusukulu kwako kuti ndiwe wamakani, malo n'kukulanda." Unatsitsa mutu n'kuti, "Chabwino, atate." Kuyankha kotereku ndinakumvapo kale, kwa munthu atagona pa masaka, koma ndinatseka makutu.

Dzulo ndinapalasa njinga kupita ku Chanyanya kukakugulira nsomba za kamba wa paulendo. Zaka zonsezi ndakhala ndikutuma amayi ako kumeneko, ukudziwa tsopano chifukwa chake. Ndinayesa kudutsa mbali ina, koma ba Mweemba anandiona. Anali atakhala pa bwato logadabuzika, akusoka ukonde wa munthu wina. Tinalonjerana bwinobwino. Anati, "Ndamva kuti mwana akupita ku Kopala, mwachita bwino. Ndamvanso za diso." Nkhani zimayenda ndi amayi a nsomba, palibe chobisika. Ine ndinati, "Aa, pang'ono chabe, lapola kale." Sanaleke kusoka, sanakweze ndi mawu omwe. Anangofunsa kuti, "Nayenso anagwa panjinga?"

Mwana wanga, akanandimenya ndi nkhafi zikanakhala bwino. Ndinaima pamenepo ntchentche zikungondizungulira. Ndinafuna kupepesa, koma ndikanayambira pati? Iwo anaitana mkazi wawo kuti andiyezere nsomba, kenako anawonjezera zina ndi dzanja lawo, akuti, "Izi ndi za mwana, musalipire." Pobwerera njinga ndinkachita kukankha.

Sindinafikire kunyumba. Ndinapita ku Esiteti kwa ba Chanda a bungwe la antchito, munthu amene ndakhala ndikumutchula kuti wosokoneza. Ndinawapeza akutsuka nsapato pakhonde. Anandilonjera m'chinenero cha kwawo, "Shani, ba Tembo, mwasochera?" Ndinakhala pansi ndi nsomba zanga n'kuwauza zonse, ndi za nkhuku zomwe. Anagwira mutu. Anati, "Ba Tembo, nkhuku ndi ulemu wa pakati pa inu ndi ba Sakala, munachita bwino kudya. Koma nkhuku siifafaniza lamulo. Chipepeso ndi china, chipukutamisozi ndi china." Ndinafunsa ngati akadule malipiro a ba Sakala. Anati ayi, makampani onse amasonkha m'thumba limodzi loyang'aniridwa ndi boma, ndipo za wopweteka zimachokera mmenemo, osati m'thumba la kapitawo. Kulembetsa ngozi si kusumira munthu. Taganiza, zaka zonsezi tinkateteza thumba la ba Sakala limene palibe ankafuna kulikhudza!

Ndinafunsanso za uganyu wako. Anati, "Mwana anapwetekera pa makina a kampani, akugwira ntchito ya kampani. Musamukanire ndinu, mwayesa ndinu a ofesi? Abwere alembetse." Za kusukulu anaseka, akuti palibe sukulu imene imathamangitsa mwana chifukwa anapita kwa dokotala. Anatinso kuchoka pantchito sikupha nkhani, chimene chimapha ndi kuchedwa, ndipo ife tachedwa kale, tisawonjezere. Pomaliza anandichenjeza kuti ndisakulonjeze chuma. Ena amayesa kuti akapweteka agula galimoto. Ayi, ndi chithandizo cha mankhwala ndi kena kokugwiriziza ngati chiwalo chalemala, ndipo zimayenda pang'onopang'ono, zimafuna munthu wosatopa kufunsa. Ukamva choncho usagwe mphwayi, chachikulu ndi chakuti diso lionedwe ndi anthu odziwa maso.

Ba Chanda anati nkhuku ndisaivutikire, koma ine mtima sunalole. Ndinanena ndi pakamwa kuti yatha, ndiye ndinayenera kukamasula ndekha. Lero titatuluka m'tchalitchi, pamene unkandifunafuna, ndinali kumsika kugula nkhuku. Ndinapita nayo kwa ba Sakala, ndinakhala pansi monga anakhalira iwo kwathu, n'kuiika patsogolo pawo. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine. Anati, "Ba Tembo, nkhuku ya chipepeso imabwezedwa? Munaziona kuti zimenezi?" Ndinati, "Sindinazionepo. Koma mawa ndikupita ndi mwana ku ofesi, ndipo sindinafune kuti mumve kwa ena." Ndinayesa kuwafotokozera za thumba lija, kuti iwo sataya kanthu. Sanamve. Iwonso amakhulupirira zimene ine ndinkakhulupirira mpaka dzulo, si munthu woipa. Anati, "Ndinakutolani pa njanji muli ndi dzanja loduka, palibe amene akanakulembani ntchito." Ndinati ndi zoona. Anati, "Ndiye ukwati wanu mufunire nkhoswe ina." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Nkhuku ndinaisiya pakhomo ili chimangire.

Zandipweteka, sindikubisira. Munthu ameneyo anandichitira zabwino zambiri. Ndipo mawa kambendera ka shedi yanu kakatsika, chikondwerero chili pafupi chonchi, fakitale yonse idziwa kuti mwana wa Tembo ndi amene wadyetsa anthu nshima yopanda mbuzi. Ena sadzandipatsa moni. Asiye. Zimenezo ndi zanga, iwe usazinyamule m'sitima. Ukaona ba Sakala mawa uwapatse moni mwaulemu monga mwa masiku onse, usawayankhe chilichonse chokhadzula, koma usabwerere pakhomo la ofesi ngakhale akuyang'ane motani.

Kumene ukupitako kuli mawaya a moto, kuli makwerero, kuli makina oposa athuwa. Magalasi azikhala pamaso, osati pachipumi. Koma tsoka likadzakugwera, kumbukira zala zanga ndi msana wa ba Mweemba. Uza kapitawo nthawi yomweyo, pita ku kiliniki usanapite kwina kulikonse, onetsetsa kuti alemba zimene wanena iwe, ndipo udziwe mayina a amene anaona. Pepala lililonse limene akupatsa usunge, lililonse limene akuti usayine uyambe wawerenga, sukulu tinakulipirira kuti uziwerenga. Wina akabwera ndi nkhuku, ndi shuga, ndi mawu okoma, landira, thokoza, m'mawa mwake upite ku ofesi. Ndipo mnzako akadzapweteka iwe ukuona, akakutchula kuti ukhale mboni, usadwale malungo. Ine ndauza ba Chanda kuti ndikufuna kukanena zoona za ba Mweemba. Akuti mwina nthawi inapita kale, koma ndikanenabe.

Ndikudziwa zimene uyankhe. Uti, "Atate, ndikuona bwino, musavutike, sitima indisiya." Umafuna kutisangalatsa, unali wotero kuyambira kale, ukagwa unkadzuka n'kuseka kuti amayi ako asadandaule. Sitima ikakusiya ikusiye, ina ibwera, ndipo kusukulu tikatumiza uthenga. Dokotala akati upite ku Lusaka kukaonedwa ndi akuluakulu a maso, tikwera basi limodzi, ntchito ndijomba. Usandiuze kuti lapola, chifukwa amene anakuphunzitsa kunena choncho ndine.

Masana ano tikudya, unkatisimbira za mnzako amene wagula sutukesi yaikulu kuposa iye mwini, tonse tikuseka. Amayi ako anakupatsira kapu ya madzi, ataima kumanzere kwako. Anaitambasula pafupi ndi tsaya lako, pafupi kwambiri moti ukanatembenuka ukanaigunda. Anadikira. Iwe unkangopitiriza nkhani, ukutema nshima. Anandiyang'ana, kapu ili m'manja, ndipo ine ndinalephera kuwayang'ana. Kenako anaiika pansi mwakachetechete n'kutuluka kupita kuseri kwa nyumba, ndipo unafunsa kuti amayi apita kuti, chakudya chikuzizira. Sunaione kapu ija, Yotamu.

Mawa udzuke msanga, uvale malaya oyera. Undipeza pakhomo nditavala kale.

Ndine amene ndinayenera kukutengerako tsiku lomwe lija,
atate wako,
Tembo.